Short mat bowls: mmene mungayambire, kwa ife amene chisanu cha kuno chimatitsekera m'nyumba

Abale anga amene muli kuno ku UK ndi ku Ireland, makamaka inu amene ntchito inakugwetserani m'timidzi ting'onoting'ono kutali ndi London kapena Manchester, nkhani iyi ndi yanu. Mukudziwa mmene zimakhalira mawotchi akangobwezedwa kumapeto kwa Okutobala, mdima umayamba kubwera msanga, pofika Disembala dzuwa limakhala lalowa 4 koloko isanakwane n'komwe. Munthu umangochoka ku shifiti, kulowa m'nyumba, kuyatsa hita, foni m'manja mpaka tulo, mawa chimodzimodzi, mpaka Malichi. Ine ndinakhala choncho zaka ziwiri zathunthu kuno ku Norfolk ndipo thupi linalemera, mtima nawo unalemera. Amene anandichotsa m'nyumba ndi agogo ena aakazi oyandikana nawo nyumba, anangogogoda tsiku lina madzulo n'kunena kuti tiyeni ku holo, ingotengani nsapato zafulati basi. Kumeneko n'kumene ndinakaona short mat bowls koyamba, ndipo mpaka lero sabata siyitha ndisanakagubuduze mpira.

Nde ndati ndilembe mmene munthu angayambire, chifukwa masewerawa ali paliponse kuno koma ife ambiri timangodutsa pa holo osadziwa zomwe zikuchitika mkatimo.

Kaye, ndi masewera anji? Amene munaonapo azungu atavala zoyera akugubuduza mipira yakuda pa kapinga wometedwa bwino, amenewo ndi lawn bowls, nde short mat ndi mng'ono wake wa m'nyumba. Amati anayambitsa ndi anthu awiri ochokera ku South Africa amene anabwera kudzagwira ntchito ku Wales, kwawo anazolowera kusewera panja, atafika kuno anapeza kuti mvula ndi chisanu sizikuwalola, nde anayala kapeti yaitali mu holo ya tchalitchi n'kumasewera momwemo, kenako anasamukira ku Northern Ireland ndipo kumeneko n'kumene masewerawa anamera mizu zenizeni m'maholo a matchalitchi. Bungwe la ku Ireland, Irish Indoor Bowling Association, linakhazikitsidwa mu 1961, la ku England, English Short Mat Bowling Association, linabwera mu 1984. Pano akusewera ngakhale ku Belgium, ku Sweden ndi ku Norway. Ubwino wake waukulu ndi woti safuna bwalo, kapeti mumayala, mwasewera, mwapinda, mawa lake holo yomweyo akuchitiramo zina.

Choyamba pezani kalabu, musagule kanthu

Apa ndipempheretu, musathamangire pa intaneti kukagula mipira. Seti yatsopano ya mipira 4 imatha kupitirira mapaundi 200, ndipo simunadziwe saizi ya dzanja lanu. Chomwe mungachite ndi ichi, pitani pa holo ya m'mudzi mwanu kapena holo ya tchalitchi, muwerenge zomwe amata pa bolodi pakhomo, kapena lembani pa Facebook dzina la dera lanu ndi mawu oti short mat bowls. Makalabu ambiri amayamba mu Seputembala kapena Okutobala n'kutseka cha mu Epulo, ena amasewera chaka chonse. Funsani tsiku lomwe amangosewera mocheza, iwo amati roll-up, limenelo ndiye tsiku la munthu watsopano, palibe ligi palibe kupanikizana, amangosakaniza anthu n'kupanga matimu pompo. Pafupifupi kalabu iliyonse imakhala ndi mipira yobwereketsa mu kabati, ndipo ndalama ya tsiku limodzi imakhala mapaundi ochepa chabe, nthawi zambiri tiyi ndi bisiketi zili momwemo.

Chomwe mukuyenera kunyamula ndi nsapato zafulati, zopanda chidendene komanso zopanda mano kunsi, ndipo muzinyamule m'jumbo, mukavalire mu holo momwemo. Izi amazitenga siriyasi kwambiri chifukwa kamwala kamodzi kochokera panja katha kuwononga kapeti, ndipo kapeti ndiye chuma chonse cha kalabu. Zovala valani zomasuka zoti mutha kuwerama nazo, yunifomu ndi ya m'tsogolo mukadzalowa timu.

Chachiwiri idziweni kapeti

Mukalowa musafulumire kugwira mpira, yendani kaye m'mbali mwa kapeti muyione bwino. Ndi yobiriwira, kunsi kwake kuli siponji, m'litali imakhala mafiti 40 mpaka 45, ndiye kuti mamita 12 ndi kakuti mpaka pafupifupi 14, m'lifupi mafiti 6 basi, sakwana n'komwe mamita awiri. Kumapeto konse kuwiri kuli matabwa oyera okhoma ngati chilembo cha U, amati fenda, ntchito yake ndi kugwira mipira isathawire pansi pa mipando. Kuchoka pa fenda kubwera fiti imodzi pali mzere woyera wodutsa, kampata kapakati pamenepo ndiye dichi, ngalande kunena kwake, ngakhale palibe chokumba chilichonse, ndi mzere chabe. Kuchoka pa mzere wa dichi kubwera mafiti 9 pali mzere wina wodutsa, amati dead line, mpira wanu ukalephera kuwoloka mzere umenewu, wa kumbali komwe kuli jaki, wonse wathunthu ndiye kuti wafa, amauchotsa. Pakati pa mizere iwiriyi pali kamzere koyenda cham'litali kotalika mafiti 3, pamenepo m'pamene amaika jaki, kampira kakang'ono kachikasu kapena koyera komwe aliyense akulondola. Jaki ya short mat ndi yolemerako dala kuti isamangouluka ikagundidwa, ndipo saiponya ngati panja, amachita kuiika ndi dzanja pa mzerepo, kutsogolo kapena kumbuyo mmene timu yomwe ikuyamba yafunira.

Ndiye pakatikati penipeni pa kapeti pali kathabwa koyera kogona mopingasa, kotalika mainchi 15, masentimita 38. Imeneyo ndiye buloko, ndipo ndi imene imapangitsa masewerawa kukhala okoma. Mpira wanu ukangoikhudza buloko, olo pang'ono chabe, wafa. Nde simungaponye mowongoka kulunjika pa jaki, njira yapakati ndi yotseka, muyenera kuzungulira, kumanja kapena kumanzere, mpira utuluke kenako ukhote wokha kubwerera pakati. Ndipo kumbukirani kapeti ndi yopapatiza, mukatsegula kwambiri mpira ugwa m'mbali, mukapanikiza kwambiri mugunda buloko. Mpata womwe muli nawo mbali iliyonse sukwana n'komwe mita imodzi.

Chachitatu mpira ndi bayasi yake

Mpira wa bowls si wobulungira ngati wa miyendo. Anausema mwadala mbali imodzi mosiyana ndi inzake, nde ukamagubuduka umakokera mbali imodzi, ndipo ukamatha mphamvu m'pamene umakhota kwambiri. Kukokera kumeneku ndiye bayasi. Anthu ambiri amaganiza kuti mkati muli chitsulo, ayi mulibe, ndi kasemedwe chabe. Azungu achikulire mudzawamva akuitchula mipirayi kuti woods chifukwa kale inkasemedwa kuchokera ku mtengo wolimba wotchedwa lignum vitae, pano ndi pulasitiki wolimba. Kampani ya Taylor ya ku Glasgow yakhala ikupanga mipira imeneyi kuyambira 1796, ena odziwika ndi Drakes Pride, Henselite ndi Aero.

Tembenuzani mpirawo muone mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ili ndi kachizindikiro kakang'ono, ina ili ndi chachikulupo. Mpira umakhotera mbali ya kakang'onoko. Nde lamulo loti mulisunge m'mutu n'limodzi, kachizindikiro kakang'ono kaziyang'ana mkati, komwe kuli pakati pa kapeti. Mukaponya kudzera kumanja kakang'onoko kakhale kumanzere, mukaponya kudzera kumanzere kakhale kumanja. Mukasokoneza mpira umathawira kunja n'kukagwa pa kapeti ya eni ake, ndipo izi zimachitikira aliyense ngakhale amene asewera zaka 30, nde zizolowereni kuyang'ana mpira m'manja musanaponye, nthawi iliyonse, osati mukangokumbukira.

Za saizi, mipira yambiri imayambira pa 00 kukwera mpaka 5. Kuti mudziwe yanu, zungulizani mpira ndi manja onse awiri, zala zazikulu zikumane mbali ino ndipo zala zapakati zikumane mbali inayo, zikamakhudzana bwinobwino ndiye saizi yanu kapena pafupi pamenepo. Kenako ugwireni ndi dzanja limodzi, tambasulani mkono n'kutembenuza dzanja kuti mpira uyang'ane pansi, ngati mukuona kuti ukufuna kupulumuka ndiye wakukulirani, tsikani saizi imodzi. Amuna ambiri amafuna waukulu chifukwa cha ulemu chabe, koma mpira waung'ono womwe mukuulamulira uposa waukulu womwe ukukulamulirani. Mukadzafika pogula, patatha miyezi ingapo, yambani ndi yakaunjika, m'kalabu momwemo mumakhala wina amene akugulitsa, ndipo funani ya bayasi yapakatikati monga Drakes Pride Professional kapena Taylor Ace, yoti izungulira buloko koma osafuna kapeti yonse.

Chachinayi kaimidwe ndi kaponyedwe

Apa nde ndichedwapo chifukwa masewera onse ali pamenepa.

Kumbali yomwe mukuponyera amaika kamphasa kakang'ono ka labala, mainchi 24 kwa 14, pakati pa timizere take. Pa nthawi yomwe mpira ukuchoka m'dzanja lanu phazi limodzi liyenera kukhala lonse pa kamphasako kapena pamwamba pake, phazi linalo lisatuluke kunja kwa mizere iwiri ya m'mbali yomwe ili mainchi 13 kuchokera pakati. Mukaphwanya izi ndi foot fault, pocheza amangokukumbutsani koma mu ligi mpira atha kuuchotsa, nde ndi bwino kuzolowera zolondola kuyambira tsiku loyamba.

Kagwiridwe, mpira ukhale pa zala osati kuukumbatira ndi chikhatho chonse mwamphamvu. Chala chapakati chikhale pansi pa mpira pakatikati penipeni pa msana womwe ugubudukire, zala ziwiri zoyandikana nacho mbali ndi mbali, chala chachikulu chigwire m'mbali chakumtunda pomwe pali timaenje. Ena amene manja awo ndi aang'ono kapena ali ndi nyamakazi amaukhazika m'chikhatho ngati dzira, nazonso ndi zololedwa. Chachikulu n'choti mpira uime chilili, usapendekeke, ukapendekeka umachoka ukugwedezeka ndipo sukhota mmene umayenera.

Tsopano imani moyang'ana komwe mukufuna mpira udutse, osati komwe kuli jaki. Apa m'pamene atsopano ambiri amasochera, maso amathamangira pa jaki nde dzanja limatsata maso, mpira phwa pa buloko. Sankhani malo m'mbali mwa buloko, pakati pa nsonga ya buloko ndi m'mphepete mwa kapeti, maso akhale pamenepo, mapewa ndi mapazi ziloze pamenepo. Ngati mumaponya ndi dzanja lamanja phazi lamanja likhale pa kamphasa, lamanzere lipite kutsogolo kasitepe kakang'ono, pindani mawondo mutsike, dzanja lamanzere litsamire pa bondo kuti musagwedezeke. Mkono upite m'mbuyo pang'ono n'kubwera kutsogolo mowongoka pafupi ndi thupi, ngati mmene umayendera mkono wa munthu amene akuyenda mosathamanga, ndipo mpira muusiye pansi penipeni pafupi ndi phazi lakutsogolo. Usadumphe, usamveke kugunda. Mpira woponyedwa bwino umachoka mwakachetechete. Ukachoka musadzuke msanga, dzanja lipitirire kulondola mzere womwe munasankha chikhatho chikuyang'ana kumwamba, khalani chotsika choncho mpaka mpira udutse buloko.

Ndiye pali nkhani ya mphamvu, iwo amati weight. Ndikuuzeni abale, kapeti ndi yothamanga kuposa mmene mukuganizira. Mpira woyamba wa munthu aliyense watsopano umakathera mu dichi chifukwa tonse timabwera ndi maganizo oti chinthu cholemera kilo imodzi ndi theka chifuna mphamvu. Sichifuna. Agogo a zaka 80 amene dzanja lawo likunjenjemera pogwira kapu ya tiyi amauika mpira pambali pa jaki mobwerezabwereza pomwe mnyamata wa ku jimu akungomenya fenda. Muyezo wake uli ngati wa mchere mu ndiwo, palibe angakuuzeni ndi pakamwa, dzanja limaphunzira lokha mukabwereza kambirimbiri. Chomwe chimathandiza ndi ichi, musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ngati mzere unali bwino koma mpira wapitirira, siyani mzere momwemo, chepetsani kabwezedwe ka mkono m'mbuyo basi. Ngati mphamvu inali bwino koma mpira wathera kumbali, siyani mphamvu, sunthani malo omwe mukuyang'ana pang'ono. Mpira ukadutsa kutsogolo kwa jaki n'kukathera mbali inayo ndiye kuti munapanikiza, tsegulani. Ukathera mbali yomwe munaponyera osabwerera pakati ndiye kuti munatsegula kwambiri.

Kuponya kotereku, kongofuna mpira ukaime wokha pafupi ndi jaki, amati draw, ndipo ine ndinganene kuti miyezi itatu yoyamba musaphunzire china chilichonse. Draw kumanja, draw kumanzere, jaki ili pafupi, jaki ili patali. Ndipo musakonde mbali imodzi, aliyense amakhala ndi mbali yomwe imamuphwekera, koma tsiku lina mudzapeza mbali imeneyo adani aitseka ndi mipira yawo nde mudzafuna inayo.

Chachisanu mmene gemu imayendera

Mutha kusewera mmodzi ndi mmodzi, aliyense mipira 4, kapena awiriawiri, atatuatatu, anayianayi. Mu anayianayi aliyense amakhala ndi mipira iwiri. Amaponya ndalama kuti aone oyamba, kenako mumaponya mosinthanasinthana, wathu wawo wathu wawo, mpaka mipira yonse ithe. Imeneyo ndi endi imodzi. Ndiye mumawerenga, timu yomwe mpira wake uli pafupi kwambiri ndi jaki ndiyo yawina endi, ndipo imapeza pointi imodzi pa mpira uliwonse womwe uli pafupi kuposa mpira wabwino kwambiri wa adani. Tinene kuti mipira yathu itatu ili pafupi, wachinayi ndi wawo, ndiye tatenga 3, olo wachisanu utakhala wathu suwerengedwa. Maso akalephera kusiyanitsa amatulutsa tepi n'kuyeza, ndipo pasapezeke wokhudza mpira uliwonse mpaka mbali zonse zigwirizane. Kenako mumanyamula kamphasa kupita nako mbali inayo, amene awina ndiwo amayamba, n'kusewera chobwerera. Kuchuluka kwa maendi kumatengera ligi kapena mpikisano, kwina 10, kwina 15, kwina amangotchera nthawi.

Mipira yakufa tanena kale, wokhudza buloko, wosawoloka dead line, wogwa m'mbali. Wina ndi wolowa mu dichi. Koma apa pali kanthu kokoma, mpira wanu ukakhudza jaki paulendo wake umakhala tacha, amaulemba ndi choko, ndipo tacha olo ukathere mu dichi umakhalabe wamoyo. Jaki nayo ikakankhidwira mu dichi imakhalabe yamoyo, nde taganizani, mwaikankha jaki mpaka mu dichi mpira wanu n'kuitsatira komweko, adani alibe chochita kwenikweni chifukwa mpira wawo ukawoloka mzere wa dichi wafa, angoyesa kuimika m'mphepete mwa mzere. Jaki ikagwa m'mbali mwa kapeti ndiye nkhani ina, malamulo amasiyana, kwina endi imabwerezedwa, kwina amene waigwetsa amalipa mapointi, funsani pa kalabu panu.

M'timu aliyense ali ndi ntchito yake. Woyamba ndi lidi, ntchito yake ndi draw basi, kuika mipira pafupi ndi jaki, ndipo inu atsopano adzakuikani pamenepa, musaone ngati akuchepetsani chifukwa timu yopanda lidi wabwino imavutika endi iliyonse. Wachiwiri amawonjezera kapena kukonza, nthawi zambiri ndi amene amalembanso mapointi pa khadi. Wachitatu ndi amene amayeza ndi kugwirizana ndi adani. Womaliza ndi sikipu, iyeyu amaima komwe kuli jaki n'kumalozera anzake, dzerani uku, onjezerani pang'ono, ndipo amaponya pomaliza. Sikipu akakuuzani kuti ikani mpira kumbuyo kwa jaki pomwe inu mukuona kuti mutha kuika pafupi, mverani, iye akuona zomwe inu simukuona, akudziwa kuti adani akufuna kuikankha jaki cham'mbuyo nde akufuna akaipeze mipira yanu ikudikira kale. Amene munakulira pa bawo pansi pa mtengo muzimva msanga zimenezi, ndi kuwerenga zomwe mnzako achite iye asanachite.

M'tsogolo mudzaphunzira zina, kuponya ndi mphamvu yowonjezera pang'ono kuti muchotse mpira wa adani wanu n'kukhala pamalo pake, kuikoka jaki kupita nayo komwe kuli mipira yanu, kugunditsa mpira m'mbali mwa unzake kuti usinthe njira, kuika mpira kutsogolo dala kuti mutseke njira. Kumenya kwamphamvu zedi kuliponso koma mu holo yaing'ono n'koopsa, mpira wa kilo ndi theka utha kuvulaza akakolo a munthu, nde amene akufuna kutero amachenjeza kaye, ndipo makalabu ena amakaniziratu.

Chinanso chomwe sindinkadziwa, kapeti iliyonse ili ndi khalidwe lake. Pansi pa holo sipakhala fulati ndendende, matabwa ena anatsika ena anakwera, nde mbali ina mpira umakhota kwambiri mbali ina umangowongoka, ndipo kukazizira kapena kukachita chinyontho liwiro limasintha. N'chifukwa chake timu ya pakhomo imakhala ndi mwayi, ndipo n'chifukwa chake musanayambe gemu ya ligi amapereka maendi oyeserera. Muzigwiritse ntchito poona mipira ya anthu onse, osati yanu yokha.

Ulemu wa pa kapeti

Ife za ulemu sizitivuta, koma dziwani za kuno. Mumagwirana chanza poyamba ndi pomaliza. Munthu akaima pa kamphasa inu khalani kumbuyo kwake, chete, osayendayenda, ndipo amene ali kumbali ya jaki asagwedezeke chifukwa amasokoneza maso a woponya. Dikirani mpira wa mnzanu uime kaye musanaponye wanu. Musadutse pa kapeti ya ena, zungulirani. Mdani akaponya bwino muyamikireni, ndipo mukapeza pointi mwamwayi chifukwa mpira wanu wagunda wina n'kukagwera pabwino, kwezani dzanja pang'ono kuvomereza kuti unali mwayi, osakuwa. Ndiye fikani msanga muthandize kuyala, ndipo musathawe nthawi yopinda. Makapeti aja ndi olemera, amafuna anthu awiri kapena atatu, ndipo ambiri m'makalabu muno ndi achikulire, nde inu amene msana udakali bwino mukagwira nawo mudzaona mmene adzakulandirireni. Ine anthu anayamba kundiitana ndi dzina langa chifukwa cha kupinda makapeti, ndisanadziwe n'komwe kuponya.

Nanga phindu lake n'chani

Sindikunamizani kuti muonda nazo ngati wothamanga. A NHS, bungwe la zaumoyo la ku UK kuno, amalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zofulumizitsako mtima mphindi 150 pa sabata, ndipo bowls payokha siyingakwanitse zimenezo, muziyendabe. Koma maola awiri mutaima, kuwerama, kudzuka, kutola mpira, kuyenda uku ndi uku, miyendo ndi chiuno zimadziwa kuti zagwira ntchito, ndipo ndi ntchito yofatsa yosapweteka mawondo. Chomwe imaphunzitsa kwambiri ndi kukhazikika pa miyendo, kutsika ndi kudzuka osagwedezeka, ndipo amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba mukudziwa kuti kugwa ndiye mdani wamkulu wa munthu akamakula. A NHS omwewo amati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa minofu ndi kukhazikika masiku osachepera awiri pa sabata. Nde ngati mayi kapena bambo abwera kudzakhala nanu miyezi ingapo kudzaona zidzukulu, musawasiye pa sofa ndi TV yomwe sakuimva, pitani nawo, masewerawa safuna Chingerezi chambiri, kuloza ndi dzanja kumakwana.

Ndipo sasankha. Amuna ndi akazi amasewera limodzi timu imodzi, mwana wa zaka 10 atha kuwina agogo ake ndipo agogo atha kumuwina iye, amene ali pa wilitcheya amasewera, amene msana sulola kuwerama pali kandodo kogwirira mpira komwe amaponyera ataima, ngakhale amene maso awo saona bwino amasewera mnzawo akuwauza mtunda. Amene mwakoma nazo dzanja njira ilipo yopita patali, kuchoka pa kalabu kupita mu ligi, timu ya county yoimira dera lanu lonse, mpaka mipikisano ya mayiko.

Kwa ine phindu lalikulu lili m'mutu. Ukaima pa kamphasa paja sungaganize za lendi, za mapepala a viza, za ndalama zomwe akudikira kumudzi, mutu wonse umakhala pa kamzere kamodzi ndi kulemera kwa mpira m'dzanja, ndipo ukamatuluka mu holo umapeza kuti maola awiri adutsa mtima uli m'malo. Komanso pa nthawi ya tiyi paja m'pamene ndinayamba kuwadziwa anthu a m'mudzi muno, amene ndinkangodutsana nawo mu shopu zaka ziwiri osapatsana moni. Ndi pomwe ndinazolowera kalankhulidwe kawo ka Chingerezi komwe poyamba kankandidutsa, ndi pomwe ndinamva za makaniko wosaba, ndi pomwe wina anandipatsa lifiti galimoto itafa. Ambiri a iwo amakhala okha, amuna kapena akazi awo anamwalira, ana ali kutali, kusungulumwa komwe kumatidya ife kumawadyanso iwo, nde munthu watsopano akalowa pakhomo paja amasangalala zenizeni. Ndisabise, poyamba umaona kuti wakuda uli wekha mu holo monse ndipo mapazi amalemera polowa. Ngati zili choncho tengani mnzanu wa ku ntchito mupite awiri, kapena imbani kaye foni kwa mlembi wa kalabu kuti akudikireni pakhomo.

Amene mumagwira mashifiti, auzeni poyambirira kuti simungabwere sabata iliyonse, pa roll-up palibe vuto, mumabwera mukapezeka, ndipo makalabu ambiri ali ndi nthawi ya masana komanso ya madzulo. Za ligi mudzalowe mukaona kuti rota yanu ya mashifiti ikulola, chifukwa kumeneko timu imadalira kuti mubwera.

Tsiku loyamba lenilenilo chitani chonchi. Fikani mphindi 15 nthawi isanakwane, nsapato m'jumbo, ndalama zachitsulo pang'ono m'thumba chifukwa maholo ena alibe makina a khadi. Nenani kuti simunasewerepo, adzakupatsani munthu woti aime nanu. Yesani masaizi awiri kapena atatu a mipira, mukapeza womwe wakhala bwino m'dzanja lembani nambala yake mu foni kuti sabata yamawa mudzatenge womwewo. Maendi awiri oyamba musaganize za jaki, cholinga chikhale kudutsa buloko osaikhudza ndi kuimika mpira pakati pa dead line ndi dichi, paliponse pamenepo. Ukaima pamenepo kawiri motsatizana, yambani kuyang'ana kuti jaki ili pati.